Nico wapita, koma amene anasaina akadali pampando

Lachiwiri pa 11 November 2025, timu ya Dallas Mavericks inachotsa ntchito Nico Harrison, bwana amene ankayendetsa zogula ndi kusinthanitsa osewera. Masapota anali atatha miyezi naini akukuwa mawu awiri omwewomwewo, "Fire Nico", m'bwalo lawo la American Airlines Center, kumasewero a matimu a sukulu, ngakhale m'malo oti basketball mulibemo n'komwe. Timu inali itapambana masewero 3 okha mwa 11 oyambirira a sizoni ya 2025-26. Eni ake amva, munthu wapita, pa X anthu akuvina. Ine sindikuvina nawo kwenikweni. Sikuti ndikumumvera chisoni Nico, ayi, zake zimenezo. Chikundivuta n'chakuti nkhani yonse ya Luka Dončić yasanduka nthano ya chitsiru chimodzi chimene chinagulitsa golide pamtengo wa mandasi, ndipo tikamaikamba choncho, ena amene ali ndi mlandu akutulukira khomo lakuseri manja ali m'thumba.

Kwa inu amene mumatsata mpira wamiyendo wokha, ndifotokoze kaye pang'ono. Ku Ulaya, Arsenal ikafuna wosewera wa timu ina imalipira ndalama, ndipo wosewerayo ali ndi mphamvu yokana. Ku NBA n'zosiyana. Matimu amasinthana makontrakiti: tenga uyu ndi uyu, undipatse uyo, n'kuwonjezerapo ma pick, kutanthauza mwayi wosankha achinyamata olowa kumene muligi pamwambo wapachaka wotchedwa draft. Wosewera safunsidwa, pokhapokha ngati m'kontrakiti yake munalembedwa ndime yoletsa kumusinthanitsa. Mu February 2025 anthu okhala ndi ndime yotere m'ligi monse anali awiri basi, LeBron James ndi Bradley Beal. Ena onsewo akhoza kugona ali a timu ina n'kudzuka ali a ina.

N'zimene zinamuonekera Luka. Uthenga wa mtolankhani Shams Charania wa ESPN unatuluka cha pakati pausiku ku America, kuno kwathu kutacha Lamlungu pa 2 February, anthu akusita zovala za kutchalitchi. Ambiri, ngakhale osewera ena a NBA, ankayesa akaunti yake yabedwa, mpaka mwini wake analembanso kutsimikiza kuti n'zoona. Los Angeles Lakers inatenga Luka, Maxi Kleber ndi Markieff Morris. Dallas inalandira Anthony Davis, Max Christie ndi pick imodzi ya raundi yoyamba ya 2029. Utah Jazz inalowererapo ngati timu yachitatu kuti masamu a malipiro agwirizane. Amene ankatumizidwayo anali mnyamata wa ku Slovenia wa zaka 25, amene anasankhidwa zaka zisanu zotsatizana mu All-NBA First Team, gulu la osewera asanu opambana onse m'ligi. Sizoni ya 2023-24 anatsogola pa kugoletsa ndi mapointi 33.9 pagemu, anaigoletsa Atlanta mapointi 73 usiku umodzi, ndipo pasanathe miyezi 8 anali atangoifikitsa Dallas ku Finals koyamba chichokereni 2011. Sanapemphe kuchoka. Sanauzidwe n'komwe kuti akukambidwa.

Tsono kunena chilungamo, mfundo ya Nico sinali yamisala ngati mmene ma meme amaionetsera. Iye ankati chikho chimabwera ndi kutchinga kumbuyo, ndipo amene anaonera Finals ya 2024 maso ali gwa akudziwa pamene maganizo amenewa anachokera. Boston Celtics inkamusaka Luka dala. Jaylen Brown kapena Jayson Tatum ankaitanitsa mnzake kuti adzatsekereze womulondera, cholinga atsale ndi Luka, kenaka n'kumudutsa ngati chipata chopanda mlonda. Pa gemu yachitatu Luka anatulutsidwa atakwanitsa mafaulo 6 kutatsala mphindi zinayi, nthawi imene Dallas inali itangotsala pang'ono kubweza ngongole yaikulu ya mapointi. Boston inatenga chikho 4-1. Onjezanipo madandaulo a kulemera kwa thupi lake, chizolowezi chake chotsalira kukangana ndi marefu anzake akuthamangira kumbuyo, ndi katumba amene anavulala pa Khirisimasi ya 2024. Onjezaniponso kuti pakati pa chaka cha 2025 akanayenera kupatsidwa kontrakiti ya supermax ya $345 miliyoni pazaka zisanu. Bwana woganiza akhoza kudzifunsa ngati thupi limeneli lidzafike zaka 30 lili bwino. Ndipo mu June 2025 chikho chinapitadi ku Oklahoma City Thunder, timu imene inali yoyamba m'ligi pa kutchinga. Pamenepo Nico sananame.

Pamene mfundo yake imagwera ndi pamtengo. Taonani zimene matimu ena analipira osewera ocheperapo. Mu 2022 Minnesota inapereka ma pick anayi a raundi yoyamba ndi gulu la osewera kuti itenge Rudy Gobert. Mu 2024 New York Knicks inapereka ma pick asanu kuti itenge Mikal Bridges, munthu amene sanasankhidwepo ngakhale kamodzi kukasewera All-Star. Oklahoma City yomwe Nico angaloze ngati umboni wakeyo inamangidwa pa trade ya 2019, pamene Sam Presti anatumiza Paul George ku Clippers n'kulandira Shai Gilgeous-Alexander, Danilo Gallinari, ma pick asanu ndi mwayi wosinthana ena awiri. Shai ndi amene anadzakhala MVP mu 2025, ndipo imodzi mwa ma pick aja inabala Jalen Williams. Umu ndi mmene munthu amagulitsira nyenyezi akaganiza zoigulitsa. Nico anatenga pick imodzi. Lakers inali ndi ina ya 2031 imene ikanatha kuperekedwa, sanaitenge. Austin Reaves anatsala komweko.

Zinatheka bwanji? Chifukwa sanapite nayo kumsika. Nico, amene asanabwere ku Dallas mu 2021 anali bwana ku Nike ndipo ankagwira ntchito pafupi ndi Kobe Bryant, anakamba nkhaniyi ndi Rob Pelinka wa Lakers, amene kale anali ejenti wa Kobe yemweyo. Anzake akalekale, anayambira pa kapu ya khofi mu January, n'kusunga chinsinsi pafupifupi mwezi wathunthu. Tangoganizani munthu ali ndi ng'ombe yonona kuposa zonse m'boma lonse, m'malo mokaiimika pamsika kuti ogula apikisane, akuitana mnzake mmodzi usiku n'kumufunsa kuti uli ndi zingati m'thumbamo. Chifukwa chimene amapereka n'chakuti nkhani ikanatuluka, Luka ndi ejenti wake akanasankha okha kopita pouza matimu ena kuti sadzasaina kontrakiti yatsopano kumeneko, mtengo n'kugwa. Mwina. Koma ngakhale msika wogwa ukanabweretsa zoposa pick imodzi. Matimu ngati San Antonio, Houston ndi Oklahoma City anali ndi ma pick odzaza nkhokwe, ndipo foni zawo sizinalire. Chinsinsichi chinateteza chinthu chimodzi chokha, kuti pasapezeke munthu womuletsa Nico.

Ndiye pali nkhani ya thupi. Ukamati ukuopa kuti wosewera wa zaka 25 azivulala pafupipafupi, sungamusinthanitse ndi wa zaka 31 amene mbiri yake ya kuvulala imadziwika ndi aliyense. Davis ndi katswiri, tisanamizane. Akakhala bwino palibe wotchinga pansi pa ringi womuposa, ndipo anaonetsa zimenezo tsiku lake loyamba pa 8 February polimbana ndi Houston: mapointi 26, ma rebound 16, akukuwa kuuza bwalo lonse kuti wafika. Kota yachitatu isanathe anatuluka atagwira m'ntchafu, ndipo anakhala panja masabata sikisi. Pa 3 March, Kyrie Irving, amene anatsala yekha kusenza mpira ndipo ankasewera mphindi zochuluka kuposa msinkhu wake, anaduka mtsempha wa m'bondo wotchedwa ACL. Dallas inamaliza ndi 39-43, nambala 10 ku West, n'kutulutsidwa ndi Memphis mu play-in. Sizoni ya 2025-26 Davis anavulalanso, ulendo uno katumba, kumapeto kwa October 2025.

Mfundo imene anthu saikamba mokwanira ndi iyi: timu yonse ija inasokedwa pa muyezo wa Luka, ndipo telala wake anali Nico yemweyo. Apa ndiye pamandipweteka mutu, chifukwa ntchitoyo anaigwira bwino. Dereck Lively II ndi Daniel Gafford ndi zimphona zodumpha n'kuwakha mpira m'mwamba Luka akauponya pamwamba pa ringi. P.J. Washington amatchinga wosewera woopsa wa adani kuti Luka apume. Klay Thompson anachoka ku Golden State mu 2024 kudzaima pakona kudikira mipira ya Luka. Kuti apeze anthu ngati amenewa, Dallas inakongola tsogolo lake. Pick ya 2027 inapita ku Charlotte chifukwa cha Washington. Ya 2028 Oklahoma City ili ndi mphamvu yoisinthanitsa ndi yake chifukwa cha Gafford. Ya 2029 inapita pa trade ya Kyrie. Ya 2030 San Antonio ikhoza kuisinthanitsa. Zonsezi zinali zomveka pamene unali ndi Luka, chifukwa timu ya Luka imamaliza pamwamba ndipo ma pick ake sakhala amtengo. Ukamuchotsa, suti yatsala pa hang'ala, ngongole ya nsalu ikadalipo.

Sikuti ku Lakers zinangoyenda myaa. Atapereka Davis anatsala opanda senta wodalirika. Anayesa kutenga Mark Williams wa Charlotte, trade inathetsedwa madokotala atamuyeza. Mu playoffs Minnesota inawatulutsa 4-1 pa raundi yoyamba, Anthony Edwards akumusaka Luka chimodzimodzi mmene Boston inachitira. Kochi JJ Redick anafika poseweretsa anthu asanu omwewo theka lonse lachiwiri la gemu yachinayi osasintha ngakhale mmodzi, chinthu chimene kwa ine chinaonetsa mantha kuposa nzeru, ndipo pa gemu yachisanu Gobert anawadya amoyo ndi mapointi 27 ndi ma rebound 24. Otsatira Nico, ngati alipo, anapumirako pamenepo. Koma Luka anabwera sizoni ya 2025-26 atachepa thupi, atasaina kontrakiti ya zaka zitatu ya $165 miliyoni, n'kuyamba ndi mapointi 43 pa Golden State ndi 49 pa Minnesota. Ena akuti manyazi a trade ndi amene anamudzutsa, ndiye Nico anali ndi mfundo. Eti? Ngati mankhwala a wosewera wako ndi kumupereka kwa mdani kuti akachirire kumeneko, udokotala wake ndi wotani?

Chimene chinandikhudza kwambiri si masamu onsewa. Panja pa bwalo la Dallas pali chiboliboli cha Dirk Nowitzki, Mjeremani amene anasewera masizoni 21 timu imodzi yomweyo n'kuibweretsera chikho chake chokhacho mu 2011, ndipo pamunsi pake analembapo mawu onena kuti kukhulupirika sikufufutika. Timu inagulitsa nkhani imeneyi kwa masapota zaka zambiri: kuno nyenyezi zathu zimakalambira konkuno, Dirk wasiyira Luka. Trade itachitika anthu anabweretsa bokosi la maliro pafupi ndi chibolibolicho. Ena onyamula zikwangwani zotsutsa Nico anatulutsidwa m'bwalo. Pasanapite nthawi timu inalengeza kukwera kwa mitengo ya matikiti a sizoni yotsatira. Dirk mwini wake anakwera ndege kukaonera gemu yoyamba ya Luka ku Los Angeles. Pa 9 April Luka anabwerera ku Dallas atavala za Lakers, anamuonetsa kanema womuthokoza, analira pabenchi, kenaka n'kuwagoletsa mapointi 45 bwalo lonse likumuchemerera iyeyo. Kumapeto kwa sizoni Nico anauza atolankhani kuti ankadziwa kuti Luka ndi wofunika kwa masapota, kungoti sankadziwa kuti n'kufika pamenepo. Munthu wakhala zaka pafupifupi zinayi m'bwalo lodzaza ndi majezi a nambala 77, osadziwa.

Kenaka panadza chinthu chimene mkonzi aliyense akanachidula mu buku la wolemba wongoyamba kumene. Mukudziwa nkhani zija zimene wolemba wamangirira munthu wake pakona, njira yotulukira palibe, ndiye mwadzidzidzi amalume olemera a ku Joni amwalira n'kumusiyira chuma? Pa 12 May 2025 kunachitika lottery, maere amene matimu 14 olephera kulowa playoffs amachita kuti adziwe woyamba kusankha pa draft. Amaika timipira 14 m'makina n'kutulutsa tinayi, ndipo manambala 1,000 otheka amagawidwa molingana ndi kulephera kwa timu. Matimu atatu otsikitsitsa analandira 140 iliyonse. Dallas inali ndi 18 yokha, mwayi wa 1.8 peresenti. Inawina. Utah imene inaluza masewero 65 inagwera pa nambala 5, Washington imene inaluza 64 pa nambala 6. Atamusankha Cooper Flagg mu June, Nico anati mwayi umakondera olimba mtima. Apa ndiye ndinazimitsa foni. Kulimba mtima kwake ndi kumene kunagwetsa timu ya ku Finals mpaka kukapezeka pa maere a olephera. Timipira tosadziwa dzina la munthu sitingakhale mboni yake.

Za anthu amene amati NBA inakonza maerewa pothokoza Dallas popereka Luka ku msika waukulu wa Los Angeles, ndikumvetsa kumene zikuchokera. Mu 2019 New Orleans inawina pick yoyamba, ya Zion Williamson, ndi mwayi wa 6 peresenti nthawi yomwe Davis yemweyu ankakakamira kupita ku Lakers. Zikachitika kawiri anthu amayamba kuwerenga. Koma maerewa amachitika pamaso pa nthumwi za matimu onse okhudzidwa, atolankhani ndi akatswiri owerengera a Ernst & Young, ndipo palibe mwini timu ya mabiliyoni amene angakhale chete akuberedwa Flagg. Chinthu cha 1.8 peresenti chimachitika ndithu nthawi zina. Nkhani ya chiwembu imangotithandiza kuthawa zoona zowawa, zoti ligiyi ikhoza kulipira kulephera mwangozi chabe.

Flagg yekha ndilibe naye vuto, ndimamukonda. Mnyamata wa ku Newport, ku Maine, wamtali mamita 2.06, anatenga mphoto ya wosewera wopambana m'makoleji onse chaka chake choyamba ku Duke n'kuifikitsa timu ku Final Four. Anakwanitsa zaka 19 pa 21 December 2025. Mphamvu yake ili pa kuchita tinthu tambiri nthawi imodzi: kutchinga mpira kuchokera kumbali, kuthamanga bwalo lonse, kupereka pasi yoyenera, kudula kulowera ku ringi mpira uli kwa wina. Ndiye kochi Jason Kidd anamuyambitsa ngati point guard, woyendetsa mpira, malo amene sanasewerepo ku koleji. Kidd ali ndi chifukwa chake. Anachitanso zomwezi ndi Giannis Antetokounmpo ku Milwaukee mu 2016 ndipo zinamukulitsa. Koma Giannis anali m'chaka chake chachitatu, m'timu imene palibe ankaiyembekezera kanthu. Flagg anapatsidwa mpira usiku wake woyamba pamaso pa Victor Wembanyama, amene anagoletsa 40 San Antonio ikuwakwapula 125-92, m'bwalo la anthu olusa, pambali pake pali anthu aatali ambiri koma oponya kutali ochepa. Ankaoneka ngati mwana amene wapatsidwa minibasi yodzaza pa Chipembere Highway tsiku lomwe watenga laisensi. Kuyesa wachinyamata n'kwabwino, koma apa sikunali kuyesa kokha. Kunali kubisa dzenje limene mabwana anakumba, loti timu inalibe woyendetsa mpira weniweni Kyrie ali wovulala. Akaseweretsedwa kuphiko, wina akuyendetsa mpira, mumamuona Flagg wa ku Duke uja akubwerera.

Tsopano kwa amene anasaina. Mu December 2023 Mark Cuban anagulitsa gawo lalikulu la timu kwa mabanja a Adelson ndi Dumont, eni makasino a Las Vegas Sands, ndipo Patrick Dumont ndi amene anakhala mkulu woimira timu ku ligi. Trade ya mtundu uwu sidutsa popanda iye kuvomera. Anavomera. Patangopita masiku ochepa anaiikira kumbuyo m'nyuzipepala ya Dallas Morning News, akunena kuti akatswiri enieni ngati Jordan, Bird, Kobe ndi Shaq ankalimbikira tsiku lililonse, ndipo wosafuna kutero malo alibe ku Mavericks. Aliyense anamva amene ankanenedwa. Kutchula Shaquille O'Neal ngati chitsanzo cha kusamala thupi kunangoonetsa kuti bwanayu masewerowa sanawatsate, chifukwa Kobe yemweyo ankadandaula poyera kuti Shaq ankabwera kokonzekera sizoni atanenepa, ndipo Lakers inatenga naye zikho zitatu zotsatizana ali choncho. Mwini timu safunika kudziwa basketball kuposa antchito ake. Koma wantchito akabwera n'kunena kuti ndikufuna kugulitsa chinthu chamtengo wapatali kuposa zonse m'nyumba muno ndipo musauze munthu, funso loti wafunsa ogula angati silifuna digiri ya masewero. Dumont ndi munthu wa bizinesi. Ku kasino kwake sangalole zimenezo. Pa 11 November 2025 analemba kalata kwa masapota yolonjeza kubwezeretsa chipambano, Nico wanyamula mlandu wonse, iye akadali pampando wake wa kutsogolo.

Nanga Nico atachoka akanatani? Kwa ine yankho linali lowawa koma loonekeratu. Mu November 2025 Davis anali ndi zaka 32, Kyrie 33, Klay 35, Flagg 18. Mawotchi awo sakuyenda nthawi imodzi, ndipo podzafika Flagg pachimake enawo adzakhala akuyankhula pa TV. Pick ya 2026 inali yokhayo yawoyawo imene Dallas inali nayo m'manja mokwanira mpaka 2031, ndipo draft yake inali ndi anyamata amene aliyense ankawalozera: Darryn Peterson wa ku Kansas, AJ Dybantsa wa ku BYU ndi Cameron Boozer wa ku Duke. Peterson, amene amadziwa kuyendetsa mpira n'kudzipezera yekha mpata woponya, ndi amene akanamumasula Flagg kuti azisewera malo ake. Kulimbikira kuti akafike nambala 9 kapena 10 ku West n'kukatulutsidwanso mu play-in kukanakhala kutaya chaka chokhacho chimene kuluza kunali ndi phindu kwa iwo. Davis anayenera kuchira, kusewera masewero okwanira kuti ogula akumbukire kuti ndi ndani, kenaka n'kupita, ngakhale mtengo wake sukanafika n'theka lomwe la zimene Luka akanabweretsa. Msika wosinthana osewera unatsekedwa pa 5 February 2026. Amene anagwirizira mpando wa Nico atachotsedwa anali Michael Finley ndi Matt Riccardi, ndipo ulendo umenewo ndinkafuna ndimve kuti aimbira matimu onse 29.